Funsani Tikuyankheni: Sukulu ndamaliza, ndiyambe geni kapena ndidikire ntchito?

Funso: Akuluakulu, ndine mnyamata wa zaka 24 wa kwa Njolomole ku Ntcheu. Ndinamaliza digiri ya zaulimi chaka chatha. Makalata ofunsira ntchito ndalemba oposa 20, koma kuintavyu andiitana kamodzi kokha. Amalume anga a ku Joni anditumizira K700,000. Ndikufuna ndizipikula kachewere ku Tsangano n'kumakagulitsa ku Blantyre, koma bambo akuti ndiwachititsa manyazi, munthu wa digiri sakhala venda. Nditani?

Yankho: Achimwene, pakadali pano mulibe zinthu ziwiri zoti musankhepo, chifukwa ntchitoyo palibe amene wakupatsani. Chimene muli nacho ndi mpamba ndi nthawi. Geni yambani, koma makalata musasiye kulemba. Kufunsira ntchito sikudya sabata yonse, madzulo awiri pa foni akwana. Pitaninso ku ofesi ya zantchito paboma mukafunse za pulogalamu ya boma yophunzitsa ntchito omaliza maphunziro a ukachenjede, imene inayamba mu 2018.

Nkhawa yathu ili pa K700,000 ija. Geni ya kachewere imaoneka yophweka ukaima pamsewu pa Lizulu n'kumaona malole akupakira, koma phindu lake ndi lopyapyala. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mitengo tikuikayi ndi yongoyerekeza, inu muikepo ya tsiku limene mukukagula. Mwagula matumba 10 pa K40,000 lililonse, yapita K400,000. Galimoto ikulipiritsa K5,000 pa thumba, ndiye K50,000. Matumba opanda kanthu, ulusi wosokera, anyamata okweza ndi otsitsa, K15,000. Tikiti ya msika, ulendo wanu, chakudya ndi pogona, K25,000. Zonse pamodzi K490,000. Mukagulitsa onse pa K55,000 mwapeza K550,000, phindu K60,000. Koma thumba limodzi lokha likaola, phindu latsala K5,000. Mukapezanso kuti tsiku limenelo kwafika malole ambiri ndipo mtengo watsika kufika pa K50,000, matumba 9 aja akupatsani K450,000, ndiye kuti mwaluza K40,000 mutagona panja masiku awiri.

Kuola kumayambira kumunda. Kachewere wokumbidwa nthaka ili chinyontho, kapena wokumbidwa asanakhwime, salimba m'thumba. Mutengeni mmodzi mumutikite ndi chala chachikulu: khungu likasupuka mosavuta, ameneyo safika sabata. Dulaniko awiri atatu ndi mpeni. Mukaona mzere woderako wozungulira m'kati, kapena timadzi toyera tikutuluka m'maso mwake, ndi matenda aja ofotetsa mbewu ndipo thumba lonse likhala phala. Inu za matenda amenewa munaphunzira, ndipo apa ndi pamene digiri ikuposetsani mavenda anzanu. Musagule thumba losokedwa kale. Pamwamba amaika akuluakulu, pansi pali tating'onoting'ono ndi obaidwa ndi khasu. Khuthulani pansi, sankhani, longedzani nokha. Osawasiya padzuwa, amabiriwira ndipo a chiwaya amawakana.

Wogula mumupeze musanagule katundu. Pitani kaye ku Blantyre chimanjamanja, muyende pa ziwaya ndi m'malesitilanti, mulembe manambala a anthu asanu amene amagula mlungu ndi mlungu, mufunse mtundu umene amafuna. Ambiri adzakuuzani kuti siyani katundu, ndalama mudzatenge Lachisanu. Ngongole yotereyi ndi imene imapha mpamba wa oyamba kumene kuposa kuola. Kanani, kapena musalole ipitirire thumba limodzi pa munthu.

Ulendo woyamba musapitirire K250,000. Gwirizanani ndi wina wozolowera kuti mugawane galimoto, muone mmene amatsutsira mtengo. Yotsalayo ikhale ku banki kapena ku SACCO, osati pa Airtel Money kapena Mpamba wa foni imene mumayendera, chifukwa achibale akadziwa kuti ilipo, maliro ndi matenda sizitha. Gulani kope muzilembamo chilichonse, ngakhale mandasi amene mwadya panjira. Mukayenda maulendo asanu ndi limodzi, kopelo lidzakuuzani lokha ngati geniyi ikukudyetsani kapena inu ndi amene mukuidyetsa.

Za bambo, musakangane nawo. Iwo anagulitsa mbuzi ndi chimanga kuti akuoneni mutavala taye, ndiye kuwawidwa mtima kwawo n'komveka. Apempheni amalume aja alankhule nawo, popeza kwathu kuno mawu a malume amalemera. Ndipo muwauze zoona, kuti ntchito simunasiye kufuna.

Funso: Ndine mtsikana wa pa Dedza boma, ndili ndi dipuloma ya zowerengera ndalama. Ndimaweta nkhuku za nyama 100 nthawi imodzi ndipo zikundithandiza. Tsopano kampani ina ku Lilongwe yanditenga, malipiro K280,000 pamwezi. Anzanga akuti ntchito ndi ukapolo, ndilimbikire nkhuku. Ine mtima uli pawiri.

Yankho: Chemwali, mawu akuti "zikundithandiza" satiuza kanthu. Tikufuna nambala. Nkhuku ya nyama imadya makilogalamu pafupifupi 4 kuti ifike pogulitsidwa pa masabata 6, choncho nkhuku 100 ndi matumba 7 kapena 8 a makilogalamu 50. Chakudya chokhacho chimatenga gawo loposa theka la ndalama zonse zimene mumalowetsa pa ulimiwu. Onjezani anapiye, katemera wa chitopa ndi gumboro, utuchi, ndi makala otenthetsera anapiye, amene ku Dedza mu June ndi July amapita ambiri chifukwa cha chisanu. Chotsani zakufa, zikafa 5 pa 100 musadabwe. Phindu limene latsala muligawe pawiri, chifukwa gulu limodzi limadya miyezi iwiri: masabata 6 olera, masiku ogulitsa, ndi masabata awiri oti khola litsukidwe ndi kupuma. Nambala imeneyo ndiye malipiro anu a pamwezi a ku nkhuku. Ambiri akawerenga chonchi amakhala chete.

Ntchitoyonso muisende chimodzimodzi. K280,000 si imene idzalowe m'thumba. Achotsapo msonkho wa PAYE ndi 5 pa 100 ya penshoni, kenako lendi, minibasi, magetsi ndi madzi, zimene kwanu mwina simulipira. Koma muwerengenso zimene nkhuku sizingakupatseni. Lamulo limakakamiza bwana kukuikirani 10 pa 100 ina ku penshoni. Muli ndi tchuthi cholipidwa, masiku 15 pachaka ngati mumagwira masiku asanu pa sabata, 18 ngati mumagwira asanu ndi limodzi. Ndipo malipiro amabwera ngakhale mwezi umene chitopa chalowa m'mudzi.

Ife tikuti ntchitoyo itengeni, bola ngati mukachotsa zonse patsala kenakake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Chifukwa chachikulu si malipiro a chaka chino ayi. Taonani zotsatsa ntchito m'nyuzipepala: pafupifupi zonse zimafuna munthu amene wagwirapo zaka ziwiri kapena zitatu. Dipuloma ikakhala m'sutikesi zaka zisanu, olemba ntchito amasankha amene wangotuluka kumene. Nkhuku mukhoza kuzibwerera muli ndi zaka 30 kapena 40, koma khomo la ntchito yoyamba silikhala lotsegula nthawi yaitali chotero. Kuonjezera apo, mukaona ndi maso mmene kampani imasungira mabuku, imalondolera angongole ndi kulipira msonkho, maphunziro amene anthu a bizinesi amalipira ndalama kuti awapeze.

Musanasamuke, apatseni kalata yolembedwa yonena malipiro, maola ndi nthawi yoyesedwa, imene mwalamulo siyenera kupitirira miyezi 12. Za pakamwa musalole.

Nkhuku kusiyira mchemwali kapena msuweni n'kotheka, popeza Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 85 ndipo Loweruka mukhoza kufika. Koma zimene zimachitika timazidziwa: chakudya chimagulitsidwa m'mbale, nkhuku zimatengedwa pangongole ndi aneba, zakufa zimachuluka pa foni. Ngati mukufuna kupitiriza, tsitsani zifike 50, woyang'anirayo mumulipire gawo la phindu osati kungomuthokoza, ndipo chakudya muzigula nokha.

Funso: Ndili ku Lobi, ndinamaliza maphunziro a ukalipentala. Kodi ndilembetse kaye bizinesi ndi kutenga ngongole, kapena ndingoyamba?

Yankho: Yambani ndi zida zimene muli nazo ndi maoda a anthu amene apereka theka la ndalama poyamba, kuti matabwa agulidwe ndi ndalama ya mwini mpando. Chiphaso cha khonsolo chokha ndiye mufunse msanga mukatsegula shedi pamsika. Kulembetsa dzina la bizinesi ku boma ndi kutenga nambala ya msonkho (TPIN) ku MRA kumafunika mukayamba kufuna akaunti ya bizinesi ku banki kapena maoda a masukulu ndi mabungwe, ndipo ofuna kugulitsa ku boma amalembetsanso ku PPDA, bungwe loyang'anira zogula za boma. Dziwani kuti maoda akuluakuluwo ndalama yake imachedwa, pamene matabwa inu munagula kale.

Ngongole isakhale mpamba woyambira. Ya banki m'khonde nthawi zambiri chiwongoladzanja chake ndi 10 kapena 20 pa 100 pamwezi, ndipo bedi limene mwapanga likhoza kukhala pashedi miyezi iwiri lisanagulidwe, chiwongoladzanja chikungokwera. Za katapila tisakambe n'komwe. Ngakhale ya bungwe la boma lobwereketsa ndalama za bizinesi ndi ngongole ndithu, si mphatso ya boma monga ena amanamizirana. Muitenge pamene maoda akuchulukirani ndipo mukudziwa makina enieni amene mukufuna. Mtengo wake mukaufunsenso sabata imene ndalama yatuluka, chifukwa zida zochokera kunja zimatsata kwacha. Itagwa ndi 44 pa 100 mu November 2023, ambiri anapeza kuti ndalama imene anapempha sikugulanso makina amene analemba pa fomu.