Kodi boma lingapatse nzika iliyonse imelo?

Owerenga wina watilembera kuti: "Tonse tili ndi chiphaso cha unzika cha NRB. Bwanji boma osangopatsa aliyense imelo kuti makalata ake azitipeza msanga?"

Zikomo chifukwa cha funsoli. N'zotheka, ndipo ku Denmark anachita kale. Kuyambira pa 1 Novembala 2014, aliyense wa zaka 15 kapena kuposa apo amene ali ndi nambala ya CPR, ya m'kaundula wa anthu okhala m'dzikomo, amalandira makalata a boma m'bokosi la pa intaneti lotchedwa Digital Post. Koma musaiyerekeze ndi Gmail. Si bokosi loti aliyense angaponyemo kalata, ndipo mwiniwake amalitsekula ndi MitID, chizindikiro chotsimikizira kuti ndi iyeyodi.

Kupanga mabokosiwo si kovuta. Pamene pagona nkhani ndi pa lamulo: kalata ikangolowa m'bokosi, imatengedwa kuti yakufikani, kaya mwaiwerenga kaya ayi. Tsiku lokaonana ndi dokotala kapena lomalizira kuchita apilo likhoza kukudutsani inu muli phee. N'chifukwa chake munthu amalembetsa nambala ya foni kuti azilandira SMS yomudziwitsa kuti kwabwera kalata. Akasintha nambala osakonza m'kaundula, uthengawo umapita kwina, koma masiku amawerengedwabe.

Apa ndi pamene kwathu tingapunthwe. Foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi banja lonse, SIM ikatayika ena amangogula ina, ndipo kumene kulibe magetsi foni imatha masiku ili yozima podikira kukatchajitsa pamsika. Gogo amene sadziwa kuwerenga angapereke nambala yake yachinsinsi kwa mdzukulu, zinsinsi za kuchipatala n'kukhala poyera.

A ku Denmark anasiya khomo lotulukira. Wopanda kompyuta, wolumala kapena wovutika ndi chinenero amapita ku Borgerservice, ofesi ya khonsolo, kukapempha kuti azilandirabe makalata a pepala. Muthanso kupatsa wachibale chilolezo chowerenga makalata anu, iye n'kumalowa ndi MitID yakeyake, osati yanu. Ife tikuona kuti popanda ziwirizi, lamulo lotere lingapweteke osauka ndi okalamba.

Germany inayesa njira yosakakamiza, imelo yotetezedwa yotchedwa De-Mail, ndi lamulo la 2011. Munthu ankayenera kuyamba watsimikizira kuti ndi ndani, ndipo makalata ena ankalipiritsa. Anthu sanaithamangire, mpaka kampani ya mafoni ya Deutsche Telekom, imodzi mwa zimene zinkapereka De-Mail, inasiya ntchitoyi mu 2022.