Amuna anga akutuluka ku British Army, nanga boma lawo litithandiza chani?

Imelo iyi yachokera kwa mayi wina amene akukhala ku Catterick, kukampu ya asilikali ku England. Akuti amuna awo ndi Mmalawi, agwira usilikali ku British Army zaka 7, chaka chamawa akutuluka, ali ndi ana awiri, ndiye akufunsa kuti kodi boma la UK limawapangira chani asilikali otuluka ntchito, komanso sadzathamangitsidwa?

Achemwali, ndiyambe ndi mapepala chifukwa zina zonsezi zikudalira pomwepo. Nthawi yonse imene bambowo ali mu yunifomu, malamulo a immigration sawakhudza, safuna visa. Koma tsiku lomwe atuluka, chitetezo chimenecho chimathera pa geti pomwepo. Ndipo a army sakulemberani okha ILR, chilolezo chokhala mpaka kalekale chija, ayi, mwini wake ndi amene amapanga apply. Apa ndi pomwe anthu ambiri anagwera m'mbuna, ankaganiza kuti poti ndinapita ku Iraq kapena Afghanistan ndiye basi ndine wa kuno. Mu 2020 anyamata 8 a ku Fiji amene anali asilikali a British Army anakafika mpaka ku khoti pa nkhani yomweyi, ena atatha zaka osaloledwa kugwira ntchito, wina chipatala chitamutumizira bilu ya ndalama zoopsa atamupanga opaleshoni ya m'mutu, munthu woti anamenyera nkhondo dziko lomwelo.

Lamulo ndi lakuti ukagwira zaka 4 utha kupempha ILR, ndipo utha kuyamba masabata 18 lisanafike tsiku lotuluka, musadikire mpaka katundu ali m'makatoni. Kale ndalama yake inali £2,389 munthu mmodzi, koma kuyambira April 2022 amene wagwira zaka 6 kapena kuposa salipira, chimodzimodzi amene watulutsidwa chifukwa chovulala kapena kudwalira pa ntchitoyo. Ndiye bambo a kwanuwo ndi zaka 7 zawozo ali bhobho. Koma mvetsani apa, pomwe ankasintha mu 2022 muja anachotsera msilikali yekha, inu ndi ana ayi, ndipo mtengowo pano unadutsa £3,000 pa munthu. Muwerengere nokha anthu atatu. Komanso inuyo visa yanu ili ndi kawerengedwe kakekake, zaka 5, ndiye tulutsani pasipoti muone deti yomwe inayambira. Ku Army Families Federation, bungwe lothandiza mabanja a asilikali, kuli anthu amene ntchito yawo ndi ya mabanja a Commonwealth basi, afunseni kusanade, salipiritsa.

Ine zinthu izi zimandikumbutsa agogo athu a KAR aja, asilikali a King's African Rifles, amene chipilala chawo chili pa Zomba. Atabwera ku Burma nkhondo itatha mu 1945, mzungu wa ranki ya private ankalandira mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse womwe wagwira, munthu wakuda atatu ndi theka. Ndiye ndikamva a ndale aku London akunena mokoma za Armed Forces Covenant, lonjezo la dziko la UK losamalira asilikali ndi mabanja awo, ndimangoti chabwino, koma tione kaye fomu.

Za ntchito, pali Career Transition Partnership, amathandiza kulemba CV, makosi, kulumikizana ndi makampani, ndipo wa zaka 6 kupita m'mwamba amalandira pulogalamu yonse. Palinso ndalama za sukulu zotchedwa Enhanced Learning Credits, £1,000 ukakwana zaka 6, £2,000 ukakwana 8, kutenga mpaka katatu. Mwaona kusiyanako? Akatuluka chaka chamawa atakwanitsa 8 ndiye kuti zawirikiza, awerenge miyezi bwinobwino asanasayine.

Nyumba ya army yomwe mukukhalayo mudzatulukamo, ndipo lendi ya kunja si ya masewera, yambani kusunga dipoziti panopa. Penshoni nayo musayiyembekezere msanga, wa zaka 7 kapena 8 amadzalandira atakalamba, ndipo ayenera kudzayipempha yekha ku Veterans UK, ofesi ya boma yoona za penshoni za asilikali, ngakhale atabwerera kukakhala ku Mchinji ndi yake ndithu, bola asataye service number.

China chimene amuna achimalawi sakonda kukamba ndi za m'mutu. Munthu wazolowera kudzuka nthawi imodzi, kuuzidwa chochita, anzake ali pompo, kenako mwadzidzidzi ali pa sofa 10 koloko m'mawa akungosintha matchanelo. Mukaona sakugona, akukalipa pa zinthu zazing'ono, mowa wachuluka, ku England kuli Op COURAGE, thandizo la za m'mutu la zipatala za boma (NHS), ndi ya asilikali ndendende, ndipo inuyo ngati mkazi wake mutha kuyimba foni mmalo mwake iye atavomera. Akakalembetsa kwa GP, dokotala wa m'dera lanu, anene kuti anali msilikali, azilembe mu faelo.

Sabata ino bambowo apite ku unit welfare, ofesi yosamalira mabanja pa kampu, akafunse deti yeniyeni yotulukira, muyilembe pa kalendala ya kukhitchini, kenako mubwerere m'mbuyo masabata 18.