Alamu, chambocho chidikire kaye

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Ndangoweruka kumene, ndiye ndingoyankhula, kulemba kundichedwetsa. Chithunzi cha botolo lomwe akubweretserani a malume ndachiona, vinyo wofiira wa Kanonkop Kadette Cape Blend uja, ndipo mukufunsa ngati angayenderane ndi chambo chomwe mukufuna kukazingira alendo Lamulungu. Ayi alamu, chonde, chambocho chidikire tsiku lina. Vinyo ameneyu ndimathirira makasitomala pafupifupi tsiku lililonse kuno ku Stellenbosch, ndimamudziwa bwino. Akakumana ndi nsomba, m'kamwa mumamveka kafungo ka chitsulo, ngati mwanyambita supuni yakale, ndiye mwaononga zonse ziwiri.

Iyeyu amafuna nyama, makamaka yambuzi yootcha pa makala, ija yamafuta m'mbali, yothira mchere ndi adyo basi. Mukam'mwa payekha amakhakhalitsa lilime, ngati mwaluma nthochi yosapsa, chifukwa cha makoko a mphesa. Koma mukangoluma kanyama kamafuta n'kutsatiza vinyoyo, kukhakhala kuja kumatha, mumayamba kumva kukoma kwa zipatso ndi kautsi pang'ono. Kunotu azungu amamwera braai, ndiye kuti nyama yootcha, yankhosa ndi masoseji otchedwa boerewors. Ine tsiku lina ndinaphika mang'ina mpaka kulekana ndi mafupa, nsima yoyera pambali, eee alamu, zinagwirizana kuposa zomwe timagulitsa kuntchito. Ngati pali mlendo wosadya nyama, nyemba zophika bwino zokazingira anyezi ndi tomato zimathekanso. Tsabola wa kambuzi yekha muchepetse, chifukwa akakumana ndi ukali wa vinyoyu pakhosi pamayaka moto.

Pa mawu akuti blend amene mwafunsawo, akutanthauza kuti asakaniza mitundu ingapo ya mphesa. Wambiri m'menemo ndi Pinotage, kenako Cabernet Sauvignon ndi Merlot, ndipo Pinotage ndi amene amachititsa kuti atchedwe Cape Blend, chifukwa ndi mphesa yobadwira konkuno. Mu 1925 pulofesa wa pa yunivesite ya Stellenbosch, Abraham Perold, anakwatitsa mphesa za Pinot Noir ndi Cinsaut, yomwe kuno ankaitcha Hermitage, dzina la Pinotage n'kuchokera pa mayina awiriwo. Anapeza njere zinayi zokha, n'kudzala m'dimba la pakhomo pake. Mu 1927 anasamukira ku Paarl kukagwira ntchito ku bungwe la alimi a mphesa la KWV, dimba lija n'kusanduka tchire. Tsiku lomwe anthu anabwera kudzalambula, mphunzitsi wina wachinyamata, Charlie Niehaus, ankadutsa pa njinga, n'kupulumutsa timitengo tinayi tija. Nkhani imeneyi imandikhudza alamu, nthawi zonse ndikamadutsa m'minda ya mphesa m'munsi mwa phiri la Simonsberg, komwe kuli famu ya Kanonkop. Mudzawafotokozere alendo anuwo, adzamwa mosamala.

China, kutentha kwa ku Lilongwe mwezi uno sikwabwino kwa iyeyu. Musam'siye pawindo kapena m'galimoto. Mudzamuike mufiriji mphindi 30 zokha alendo asanafike, azizire pang'ono ngati madzi a mumtsuko, kenako mutsegule apume kaye pamene nyama ili pamoto. Ayisi ayi, ndipo achimwene akayamba zija zothiramo Coca-Cola muwalande botolo, muwauze kuti ndanena ine. Mbuziyo mukagule Loweruka m'mawa, mupemphe nthiti ndi mwendo wakutsogolo. Ana muwapatse moni.