Kodi agogo anafika zaka 94 chifukwa cha kupemphera?

Mayi wina wandilembera imelo. Agogo awo aamuna amwalira posachedwa ali ndi zaka 94. Anali ndi sitolo m'tauni yaing'ono kwa zaka zoposa 50, anali mkulu wa mpingo, ndipo asiya ana, adzukulu ndi adzukulutuvi. Mayiwa apatsidwa ntchito yolemba mbiri ya malemuwa, koma pabanja pabuka kusamvana. Azakhali awo akuti Mulungu anawatalikitsira moyo chifukwa cha kukhulupirika kwawo. Mchimwene wawo akuti ndi magazi a ku mtundu basi. Funso ndi lakuti, alembe ziti?

Pepani ndi zovutazo, mayi. Ndiyambe ndi achimwene anuwo, chifukwa nkhani yawo ndi yaifupi. Ofufuza a ku Denmark anatsatira mapasa obadwa pakati pa 1870 ndi 1900, ndipo anapeza kuti zotengera kwa makolo zimafotokoza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kusiyana kwa zaka zimene anthu amakhala ndi moyo. Kwa anthu amene amapitirira zaka 90, mtundu umakhala ndi mphamvu yokulirapo. Ndiye achimwene sakunama, koma agwira mbali yochepa chabe.

Za azakhali ndi zimene zikufunika kuziona mofatsa. Mu 2016 akatswiri a pa yunivesite ya Harvard ku America, mmodzi mwa iwo Tyler VanderWeele, anatulutsa zimene anapeza atatsatira anamwino aakazi oposa 74,000 ku America kwa zaka 16. Amene ankapita kutchalitchi kangapo pa sabata, chiopsezo chawo chomwalira m'zaka zimenezo chinali chotsika ndi 33 peresenti poyerekeza ndi amene sankapitako n'komwe. Atafufuza chifukwa chake, zina mwa zimene zinaonekera zinali zodziwika kale: pakati pa anthuwa osuta anali ochepa, ovutika maganizo analinso ochepa, ndipo anali ndi anzawo owadalira. Onetsetsani kuti chimene anayeza ndi kusonkhana ndi anthu ena, osati zimene zili mumtima. Pamene dokotala wina wa ku Harvard, Herbert Benson, anayesa pemphero lenilenilo mu 2006, pa odwala 1,802 ochitidwa opaleshoni ya mtima amene ena mwa iwo ankapemphereredwa ndi anthu osawadziwa, opemphereredwawo sanachire bwino kuposa anzawo. Sindikuti Mulungu amagwidwa ndi kafukufuku, ayi. Ndikungoti chimene madokotala angathe kuchiona ndi moyo umene chikhulupiriro chimam'mangira munthu.

Ndipo moyo umenewu agogo anu anali nawo pawiri, kutchalitchi ndi kusitolo. Munthu wa sitolo amadzuka nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse chifukwa pali anthu amene akudikira kuti atsekule. Amaima, amanyamula katundu, amawerengetsera m'mutu, amakangana ndi wongongola, amamva za odwala ndi za maukwati asanazimve aliyense. Akapanda kutsekula m'mawa umodzi, dzuwa lisanafike pamutu wina wagogoda kale kunyumba kufunsa ngati kuli bwino. Lamulungu akasowa pa mpando wake, zimachitikanso chimodzimodzi. Ine ndimaona kuti chinthu chachikulu pa moyo wa anthu ngati agogo anu ndi chimenechi: sankatha kudwala mobisa. Wofufuza wina wa ku America, Julianne Holt-Lunstad, anaphatikiza kafukufuku 148 mu 2010, wokhudza anthu oposa 300,000, ndipo anapeza kuti okhala ndi ubale wolimba ndi anthu ena anali ndi mwayi wokulirapo ndi 50 peresenti wokhalabe ndi moyo pa nthawi imene ankawatsatira.

Mwalemba kuti sankasuta ndipo sankamwa. Musazione ngati zazing'ono. Wofufuza wa zaumoyo Richard Doll anatsatira madokotala aamuna a ku Britain kuyambira 1951 mpaka 2001, ndipo osuta ankamwalira pafupifupi zaka 10 msanga kuposa osasuta. Lamulo limodzi lokha la mpingo, munthu akalisunga kuyambira unyamata, likhoza kukhala kusiyana kwa zaka 84 ndi 94.

Chimene chandidabwitsa n'chakuti m'kalata yonseyi agogo aakazi mwawatchula kamodzi kokha, ponena chaka cha ukwati. Bambo amene amatsekula sitolo m'mawa ndi kutseka kutada, madzulo n'kupita ku msonkhano wa akulu a mpingo, sakhala ndi nthawi yolera ana asanu ndi mmodzi. Pali wina amene ankawalera. Pali wina amene ankakhala pa kauntala iwo akapita kukaoda, amene ankawaumiriza kupita kuchipatala chifuwa chikakana kutha. Mbiri zambiri za "bambo wokonda banja lake" zimalembedwa ngati banjalo linkadziyendetsa lokha. Yanuyi isatero. Ngati agogo aakazi ali moyo, akhale oyamba kufunsidwa. Ngati anatsogola, funsani ana awo aakazi, amadziwa.

Tsopano za mawu a azakhali. Ine ndingakulangizeni kuti muthokoze Mulungu chifukwa cha zaka 94 zimenezo mmene mtima wanu ukufunira, koma musazilembe ngati malipiro. Pakati pa anthu amene adzawerenge kapena kumva mbiriyi padzakhala mayi wamasiye amene mwamuna wake, wopemphera mofanana ndi agogo anu, anamwalira ali ndi zaka 45. Mukati moyo wautali ndi mphotho ya kukhulupirika, iye adzamva kuti wake uja anaperewera penapake. Ndipo Baibulo lenilenilo silikulolani kuwerengetsa choncho. Anzake a Yobu ndi amene ankaganiza kuti mavuto ndi chizindikiro cha tchimo, ndipo pamapeto anadzudzulidwa. Stefano anaponyedwa miyala ntchito atangoiyamba kumene. Salimo 90 limapatsa munthu zaka 70, kapena 80 ngati ali wamphamvu, osasiyanitsa wolungama ndi wosalungama. Tisaiwalenso kuti timamva nkhani za amene anafika ku ukalamba okha. Winston Churchill, mtsogoleri wakale wa dziko la Britain, ankasuta ndudu zake mpaka ukalamba ndipo anafika zaka 90, koma palibe amene amalemba mbiri ya anzake osuta amene sanafike 60.

Choncho m'malo mofotokoza chifukwa chake anakhalitsa, lembani zimene anachita ndi zakazo. Mawu akuti "anali woona mtima" aliyense amanenedwa pa maliro. Fufuzani nkhani imene ikuonetsa zimenezo: kodi sikelo yawo anthu ankaikhulupirira? Ngongole ya munthu amene wamwalira ankaitani? Chaka chimene malonda anagwa, ndani anawathandiza, ndipo anachotsa antchito kapena anadzimana okha? Anakanganapo ndi abusa, pa nkhani yanji? Mwana amene anakana kulowa m'sitolo n'kusankha njira yake, anamukhululukira liti? Zolakwa zawo musazifufute zonse, chifukwa adzukulu amene sanawaone sangaphunzire kanthu kwa munthu amene sanapunthwepo.

Amsinkhu wawo atsala ochepa, ndiye musachedwe. Pitani kwa wantchito wawo wakale kwambiri, kwa mkulu wa mpingo amene ankakhala naye pa benchi imodzi, ndi kwa amene ankapikisana naye pa malonda ngati alipo. Jambulani mawu awo pa foni, ndipo ngati mabuku a ngongole a m'sitolo akadalipo, asatayidwe pokonza m'nyumba.