Banja latha, nanga penshoni tigawana bwanji?

FUNSO: Ine ndi bambo a ana anga tikusudzulana titakhala m'banja zaka 12. Iwo agwira ntchito zaka 20 ndipo ali ndi penshoni, pomwe ine ndinali pakhomo kulera ana. Akuti penshoniyo ndi yawo okha poti ili m'dzina lawo. Kodi ndilibe gawo? Ngati lilipo, lidzandipeza bwanji? Mayi wa ana atatu

YANKHO: Mayi, dzina lolembedwa pa penshoni silithetsa nkhani. M'mayiko ambiri, ndalama zimene zinasonkhedwa banja lili chilili zimawerengedwa pamodzi ndi katundu wa m'banja. Kukula kwa gawo lanu kumadalira malamulo a dziko limene mukukhala ndi mtundu wa ukwati wanu, choncho funani loya musanasaine chilichonse.

Poyamba dziwani mtundu wa penshoniyo. Ina ndi akaunti imene wantchito ndi abwana ake amaponyamo mwezi ndi mwezi. Iyi ndi yosavuta: loya apemphe sitetimenti yosonyeza ndalama zimene zinalimo tsiku la ukwati ndi zimene zilimo tsopano. Zimene anasonkha asanakukwatireni nthawi zambiri zimatsala zawo.

Ina ndi yolonjeza malipiro a mwezi uliwonse munthu akapuma, potengera malipiro ake ndi zaka zimene wagwira. Iyi ilibe chiwerengero choti muloze ndi chala, ndiye makhoti ambiri amawerengera zaka. Titenge zanu zomwezi: ngati zaka 12 zonse za ukwati zili mkati mwa zaka 20 za ntchito, gawo la m'banja ndi 12 pa 20, kutanthauza 60 peresenti. Khoti likagawa pakati, inu mulandira 30 peresenti ya penshoni imene apanga kufika lero. Ngati penshoniyo ndi yaikulu, lipirani katswiri wowerengera za penshoni. Ndalama yomulipira ndi yochepa poyerekeza ndi imene mungataye pongoganizira.

Tsono pamene ambiri amagwa m'mbuna ndi apa. Chigamulo chothetsa banja pachokha sichisuntha ndalama. Oyendetsa thumba la penshoni amangomvera lamulo la khoti lolembedwa momwe malamulo awo amafunira. Ku United States, akaunti ya penshoni ya kuntchito yotchedwa 401(k) imafuna chikalata chapadera cha khoti chotchedwa QDRO. Ku England kugawana penshoni kudzera m'lamulo la khoti kunayamba mu Disembala 2000, ndipo thumba limapatsidwa miyezi 4 kuti likwaniritse likalandira mapepala onse. Ku South Africa, kuyambira 2007, wosudzulidwa amatha kulandira gawo lake osadikira kuti mnzake apume kapena asiye ntchito, koma thumbalo lidziwike bwinobwino m'chigamulo.

Chikalata cha khoticho chitchule dzina lenileni la thumba, osati la kampani imene bambowo amagwirako, nambala yawo ya umembala, gawo lanu, ndi tsiku loyambira kuwerengera. Mawu akuti "adzagawana penshoni" basi, oyendetsa thumba amawabweza. Ife timalimbikitsa kulemba peresenti osati chiwerengero cha ndalama, chifukwa ndalama za m'thumba zimakwera ndi kutsika pakati pa tsiku la chigamulo ndi tsiku losamutsa. Mukalemba chiwerengero, chikalatacho chinenenso amene adzatenge phindu kapena kusenza kutsikako. Ndipo loya atumize chikalatacho kwa oyendetsa thumba achione woweruza asanasaine. Kubwereranso kukhoti kukakonza dzina limodzi kumadya miyezi.

Musazengereze. Bambowo akasiya ntchito n'kutapa ndalama zonse, kapena akamwalira chikalata chisanafike ku thumba, gawo lanu likhoza kuvuta kwambiri kulipeza. Funsaninso ngati anabwerekapo ngongole pa penshoniyo, poti imachepetsa zogawana.

FUNSO: Mkazi wanga akufuna atenge nyumba, ine nditsale ndi penshoni yonse. Mtengo wake ukufanana. Palibe vuto? Bambo wa zaka 48

YANKHO: Bambo, njira imeneyi ndi yololedwa m'malo ambiri ndipo imachepetsa mapepala, koma kufanana kwa pa pepala kumanyenga. Penshoni nthawi zambiri imakhala isanadulidwe msonkho. Ngati podzalandira adzakudulani 25 peresenti, pa 100 iliyonse mudzagwira 75, ndiponso simungazigwiritse ntchito lero. Nyumba nayo ili ndi zake: ngongole yotsala, kukonza, msonkho wa malo. Mayiwo aganizenso za ukalamba wawo, chifukwa nyumba sidzawapatsa ndalama mwezi ndi mwezi pokhapokha ataigulitsa kapena kuichititsa lendi. Chotsani zonsezi mbali zonse ziwiri, kenako muyerekeze.

Chimene tikukuletsani ndi kutapa nokha ndalama za penshoni kuti mumulipire m'manja. Msonkho wonse udzagwera inu, ndipo ku United States wotapa asanakwane zaka 59 ndi theka nthawi zambiri amalipiranso chindapusa cha 10 peresenti. Ndalama zichoke m'thumba kupita kwa mnzanuyo kapena kuthumba lake motsatira lamulo la khoti.

FUNSO: Tinasudzulana kale ndipo tinagawana zonse. Pali chinanso? Wowerenga

YANKHO: Chilipo, fomu yotchula odzalandira ndalama inu mukamwalira. Mu 2001 ndi 2009 khoti lalikulu la ku United States linagamula milandu iwiri yotere, ndipo m'milandu yonseyo thumba linayenera kulipira mkazi wakale chifukwa dzina lake linali lidakali pa fomu. M'mayiko ena oyendetsa thumba amayang'ananso amene munkawasamalira, komabe fomuyo amayambira pomwepo. Lembani ina, pokhapokha ngati chigamulo chinakulamulani kusunga dzina lakalelo, ndipo sungani kalata yotsimikiza kuti ailandira.