Msungichuma alolere pati, ndipo aumirire pati?

Mayi wina amene ndi msungichuma wa banki m'khonde wandilembera imelo. Akuti wapampando wa gulu lawo akufuna kubwereka ndalama osalemba m'buku, ponena kuti abweza sabata yamawa, ndipo mamembala ena akuti mayiyu ndi wouma mtima chifukwa wakana. Akufunsa kuti munthu angadziwe bwanji nthawi yololera ndi nthawi yokana zivute zitani.

Mayi, ndikuyankheni ndi zomwe zidachitika mu 1993. Pokonzekera riferendamu yosankha pakati pa chipani chimodzi ndi zipani zambiri, boma la Kamuzu Banda lidafuna kuti pamalo ovotera pakhale mabokosi awiri, lina la tambala wakuda loimira chipani chimodzi, lina la nyali loimira zipani zambiri. A Public Affairs Committee, momwe mudali atsogoleri a mipingo, Asilamu, maloya komanso magulu a UDF ndi AFORD, adakanitsitsa mpaka kuopseza kuti sadzatengako mbali. Chifukwa chake chidali chomveka kwa aliyense amene adakhalapo m'nthawi ya apayoniya: mabokosi akakhala awiri, woima chapatali akhoza kuona komwe mwaponya, ndipo voti ya munthu wamantha siinena zakukhosi. Pamapeto pake bokosi lidakhala limodzi, ndipo pa 14 June anthu pafupifupi 63 pa 100 alionse adasankha nyali.

Chomwe ambiri amaiwala n'chakuti anthu omwewo adalolera zambiri. Atapambana, ena adafuna kuti Kamuzu achoke pampando nthawi yomweyo, koma atsogoleriwo adavomera kuti apitirize kulamulira mpaka chisankho cha pa 17 May 1994, uku akukhala pamodzi ndi a MCP m'bungwe lokambirana za kusintha kwa malamulo. Kudikira miyezi khumi ndi umodzi kudawawa, koma sikudaononge cholinga chawo, pomwe mabokosi awiri akadachititsa kuti riferendamu yonse ikhale yachiphamaso.

Ndiye funsani chimodzimodzi za gulu lanu: kodi ndikalolera apa, chimene tidasonkhanira chitsalapo? Tsiku lobweza ngongole mukhoza kulisuntha mnzanu akaferedwa kapena mbewu zikakanika. Chindapusa cha wochedwa mukhoza kuchichepetsa gulu likagwirizana, ndipo msungichuma amene amakakamira pa tizinthu totere, kunena zoona, amatopetsa anzake pachabe. Koma buku ndi nkhani ina, pakuti ndilo lokhalo limene limachititsa kuti mayi wogulitsa mandasi asiye ndalama zake m'manja mwanu osada nkhawa, ndipo tsiku logawana masheya likafika ndalama zikapereŵera, amene adzafunsidwe ndinu, osati wapampando.

Musawanyoze wapampandowo pagulu. Atengereni pambali, muwauze kuti ngongoleyo atha kuitenga pamsonkhano wotsatira, mamembala onse akuona, osunga makiyi atatsekula bokosi, ndipo inuyo mudzapempha gulu kuti liwapatse masiku owonjezera obwezera ngati akupanikizika. Akakana zimenezo, nkhaniyo muitule kugulu lonse ndipo ilembedwe.