Kodi ndi obwera amene anawononga Hillbrow?

FUNSO: A Mkonzi, ndimakhala ku Hillbrow m'fulati ya zipinda ziwiri momwe timagona anthu asanu ndi awiri, ndipo pabalaza tinadulapo ndi katani. Agogo anga, omwe anali khukhi kuno ku Joni kalekale, amati dera lino linali la anthu achuma okhaokha. Anzanga kuntchito amati ife obwera ndife tinaliwononga. Kodi n'zoona? Ndine wowerenga wanu wa ku Hillbrow.

YANKHO: Bambo, agogo anuwo sakunama. Pansi pa lamulo la Group Areas Act la 1950, lomwe linkagawa malo okhala potengera mtundu wa anthu, Hillbrow linali dera la azungu, ndipo munthu wakuda ankagonamo ngati wantchito basi, kawirikawiri m'tizipinda ta padenga pa nyumba zosanjikizana. Nsanja ya Hillbrow Tower inatha kumangidwa mu 1971, ndipo nyumba ya Ponte City ya ku Berea, dera loyandikana ndi Hillbrow, yokhala ndi nsanjika 54, inatsegulidwa mu 1975 kuti muzikhala anthu opeza bwino.

Komatu anzanuwo akuiyambira pakati nkhaniyi. Pambuyo pa zipolowe za ku Soweto mu 1976, azungu ambiri anasamukira kumadera a kumpoto kwa mzindawu, ena anachokeratu m'dziko muno, ndipo mafulati anayamba kukhala opanda anthu. Oyamba kulowamo mozemba lamulo anali amwenye ndi makaladi, kenako anthu akuda, onsewo nzika za South Africa zomwe zinkasowa nyumba kumadera amene boma linazipatulira, ndipo ena ankachita lendi m'dzina la mzungu wongobwereka. Mu 1982 woweruza Richard Goldstone anagamula kuti munthu asamangotulutsidwa m'nyumba chifukwa cha lamuloli popanda kuganizira ngati ali ndi kwina kolowera. Malamulo a mapasi, omwe ankaletsa anthu akuda kukhala m'mizinda popanda chilolezo, anathetsedwa mu 1986, ndipo Group Areas Act inafafanizidwa mu 1991.

Pamene ndikufuna muyang'anitsitse ndi pa ndalama. Munthu wokhala m'nyumba mobisala sangakadandaule kulikonse, choncho eni nyumba ena anakweza lendi kwinaku akusiya kukonza chikepe, mapaipi ndi mawindo. Lendi ikakwera, munthu amaitana mnzake kuti azigawana, ndipo katani yanu ija inabadwa motero inu musanafike. Mabanki anayamba kukana kupereka ngongole zogulira nyumba m'derali, mitengo ya mafulati inagwa, ndipo makampani anasamukira ku Sandton, komwe ngakhale msika wa masheya wa JSE unapita mu 2000. Pamene anthu a ku Zimbabwe, Congo, Nigeria ndi kwathu ku Malawi ankachuluka m'zaka za m'ma 1990, ndalama zinali zitayamba kale ulendo. Kalembera wa 2011 anapeza anthu oposa 74,000 pamalo ongopitirira pang'ono sikweya kilomita imodzi, ndipo ambiri mwa amene mukukhala nawo lero ndi alonda, ogulitsa mumsewu ndi amaganyu.

Sindikunena kuti kuthithikana kulibe vuto, chifukwa mpope umene unapangidwira banja limodzi sungapirire anthu asanu ndi awiri mpaka kalekale. Choopsa kwambiri ndi nyumba zimene zinalandidwa ndi magulu otolera lendi popanda chilolezo. Moto wa pa 31 August 2023 panyumba ya Usindiso ku Marshalltown unapha anthu oposa 70, kuphatikizapo Amalawi. Fufuzani ngati amene mumamupatsa lendi ndi mwini nyumba weniweni, muzilandira lisiti, ndipo usiku uno mukaone ngati khomo lothawira moto silinakhomedwe ndi loko.